Bafa la Amayi ku Baisikopo

Lolemba, m'mawa

Makina a baisikopo asiya kulankhula. Zithunzi zikutuluka bwinobwino, koma mawu zii. A Dube, amene amayendetsa makinawo, akuti kababu kena kam'kati kapsa, ndipo m'Rhodesia monse mulibe kena chifukwa maiko akunja anatitsekera katundu. Alembera ku Gwelo. A ku Gwelo alembera ku Joni. A ku Joni ali chete ngati makinawo.

Ine ndikungosesa m'holo. Uno ndi mwezi wanga woyesedwa, ndipo munthu woyesedwa safunsa mafunso.

Ndilembe poyera chimene ndikuseserera. Bambo anawachotsa ntchito ya pansi pa mgodi chifukwa cha chifuwa. Nyumba ya m'komboni ndi ya munthu amene ali ndi tikiti ya mgodi. Mwezi ukatha m'nyumba mwathu mulibe wa tikiti, kiyi akubwerera ku ofesi. Wa tikitiyo akhoza kukhala ine, ngati Bwana Mandevu, woyang'anira komboni, andilemba ntchito ya m'holo. Kwathu ku Dedza ndimangokumva m'kamwa mwa Amayi. Ine ndinabadwira muno, pafupi ndi mpopi.

Lolemba, masana

Bwana walowa ndi mfuti paphewa, monga akuyendera azungu onse masiku ano. Akuti Loweruka baisikopo ikhalepo, mawu kaya alipo kaya palibe. Amuna akasowa choonera amapita kumidzi ya cha ku Silobela, ndipo kumeneko amakakumana ndi anthu amene sitiwatchula dzina.

A Dube, m'malo mongoti inde bwana, aloza ine! "Ntombi iyi imaliza limba kutchalitchi. Ikhoza kuika nyimbo."

Chidebe cha zinyalala chikanakhala chachikulu ndikanalowamo.

Bwana wandiyang'ana koyamba chiyambire mwezi. "Mina funa lo bantu yena saba sterek." Ndiye kuti anthu aope kwambiri, kuti Loweruka linalo adzabwerenso. Akaopa, tikiti ndi yanga. Ndayankha kuti inde, koma sindikudziwa ngati mawu anatuluka.

A Dube andionetsa filimuyo. Ndi yaifupi, gudumu limodzi lokha. Dona ali yekha m'nyumba yosanja. Kunja mvula. Akupesa tsitsi pagalasi. Getsi likuphethira, kenako lazima. Pansi chitseko chikutseguka pang'onopang'ono. Pakhoma chithunzithunzi cha munthu, chachitali, chikukwera masitepe, chanyamula kanthu kakatali m'manja. Dona wagwira telefoni, telefoni yafa. Chogwirira cha chitseko cha kuchipinda chayamba kutembenuka.

Pamenepo a Dube azimitsa! Akuti babu lalikulu nalonso ndi lomaliza, salitentha pachabe. Nanga mapeto? "Angazi, ntombi. Sindikudziwa, nanenso sindinawaone."

Popanda mawu palibe choopsa ndi pang'ono pomwe. Dona akungooneka ngati munthu amene waiwala pamene anaika machesi.

Lolemba, madzulo

Baisikopo ndaionera kuyambira ndili mwana, nthawi zonse ndili kumbuyo, ndipo wakumbuyo amaona filimu ndi anthu omwe. Zimene ndazindikira:

Nyimbo imafika choopsa chisanafike. Mimba imamva maso asanaone.
Liwu lake likhale lapansi, lalitali, losasintha.
Nkhope ya woipa saionetsa msanga. Nsapato, dzanja, chithunzithunzi, basi. Zotsalazo munthu amadzijambulira yekha, ndipo amajambula zoipa kuposa za azungu.
Pafupi ndi mapeto zonse zimati zii. Kenako phu!

Zofunika: limba la kutchalitchi, mdima, chitseko cholira, kugunda kwa mtima, chitsulo cha phu.

Ndalemba ndi pensulo kuti ndikalakwa ndifufute. Ndikuona ngati zitheka. Mulungu andikhululukire kudzikuza, koma ndikuona ngati zitheka!

Lachiwiri, m'mawa

Ndaloweza mawu okapemphera limba. Ndawanena kwa khoma, kwa tsache, kwa nkhuku za eni. Khoma silinakane.

Lachiwiri, madzulo

Limba palibe!

Ndafika kutchalitchi nthawi imene amayi a mpingo amakolopa. A Mbewe, mkulu wa mpingo amene amasunga kiyi wa limba, andimvera mpaka kumapeto, zimene sizinatenge nthawi chifukwa theka la mawu ndalitaya panjira. Akuti, "Tatimvetsani, chemwali, nyimbo yoopsayo."

Ndaponda mivukuto, ndadina batani lapansi penipeni, ndaligwira osasiya. Huuuuu. Kukoma kwake! Ngati chinthu chikubwera pansi pa nthaka. Ine ndemwe tsemwe landigwira.

Ndaiwala chinthu chimodzi. M'tchalitchi mwathu ndikagwira liwu lalitali chotero, ndiye kuti ndikupatsa anthu poyambira. A Nachisale, ali chogwada ndi chikolopa m'manja, aiyamba nyimbo ya maliro. Anzawo ailandira. A Mbewe atsinzina n'kuika besi. Ndime zonse, osadumpha ndi imodzi yomwe. Ine ndikanatani? Ndawaperekeza mpaka Ameni.

Ndayesanso, tsopano mabatani awiri oyandikana, amene akalira limodzi amakangana ngati akazi a mitala. Pa baisikopo amachita zimenezi mpeni ukatuluka.

A Mbewe: "Limba ladwala?"

Ndafotokoza za chithunzithunzi, masitepe ndi chipinda cha dona. Afunsa ngati wokwerayo alapa kumapeto. Ndati mapeto sindinawaone.

"Ndiye mukufuna limba la Mulungu liperekeze mwamuna kuchipinda cha mkazi wa mwini, osadziwa n'komwe kuti akukatani? Iyayi, chemwali. Tionana Lamulungu, mufike msanga."

Ndafufuta limba papepala. Pepala labooka.

Lachitatu, m'mawa

Mdima nawonso wavuta. Kale baisikopo inkaonetsedwa panja, pakhoma la sitolo, kukada. Tsopano kuli kefiyu, dzuwa likalowa aliyense m'nyumba. Ndiye Loweruka tionetsa masana m'holo, ndipo holo yathu ili ndi mawindo aakulu mbali zonse. A Dube ayatsa kamphindi kuti tione. Dona akuoneka ngati tiyi wothira madzi kawiri. Chithunzithunzi palibiretu. Choopsa chibisala pati, ponseponse pakuwala?

"Mabulangeti," akutero a Dube. "Pita ukapemphe m'malayini. Ine ndine mwamuna, sindingapemphe zofunda za akazi a anthu."

Ine kupempha! Ine amene ndimabwerako kusitolo wopanda mchere chifukwa wogulitsa sanandiyang'ane.

Lachitatu, masana

Zikuyenda modabwitsa. Ndikumagogoda pang'ono, ndikumacheuka kuti anthu asandione ndikupempha, ndipo mawu akungotuluka a manong'onong'o. "Bulangeti. Likufunika Loweruka. Andituma."

Mai Tendai, a layini ya kumtunda, andikokera m'nyumba n'kutseka chitseko. "Iwe? Kufatsa konseku? Hezvo! Amene anakusankha ali ndi maso." Andipatsa bulangeti lawo labwino, la pa ukwati, ndi matenesi a amuna awo. "Ukawauze kuti Mai Tendai saiwala ana a anthu."

Ndaganiza kuti akunena a Dube. Matenesiwo ndi aakulu kwa a Dube, koma sindinafune kuwakhumudwitsa.

Pofika kumpopi anthu akundiitana okha ndi chala, kuseri kwa nyumba. Ndalandira mabulangeti ochuluka moti ndatuta ndi wilibala. Ndalandiranso masokosi, sopo, fodya, mapiritsi a malungo, jekete yakuda ndi nkhuku yophika kale, yokulunga m'nyuzipepala.

Sindinadziwe kuti anthu amakonda baisikopo chotere!

Lachitatu, madzulo

Amayi aona muluwo ndipo akhala pansi, pasimenti, osayang'ana mkeka.

"Mwana iwe. Ukudziwa amene amatolera mabulangeti m'makomo masiku ano, monong'ona, akucheukacheuka?"

Sindikudziwa.

"Atsikana otumikira anyamata a kutchire."

Ndafa ine! Ndafa! Komboni yonse ikuganiza kuti ndine wa nkhondo. Ine amene ndimapepesa nkhuku ndikaiponda.

Bambo aseka mpaka chifuwa chawagwira, tachita kuwadzutsa ndi kuwapatsa madzi. Atapuma afunsa ngati nkhukuyo ili ndi mchere.

Lachinayi, m'mawa

Ndikubweza zinthu. Palibe akulandira.

Ndauza Mai Tendai zoona zenizeni, kuti mabulangeti ndi otchingira mawindo a holo. Agwedeza mutu pang'onopang'ono, akumwetulira. "Ehe, mwanangu. Mawindo. Anakuphunzitsa bwino." Ndalumbira. Akuti ndisalumbire, iwo safuna kudziwa zambiri. Ndalira. Andipukuta ndi duku lawo n'kundipatsa mazira.

Ndikakana, akundikhulupirira kwambiri. Ndikakhala chete, ndiye kutheratu.

Matenesi, jekete ndi mapiritsi Amayi azikwirira pansi pa malasha. Nkhuku tadya, ikanaonongeka. Bambo atafuna mpaka mafupa, chiyambire kudwala sanadyepo chotero. Akuti, "Nkhondo imeneyi ndayamba kuimvetsa." Amayi awaletsa ndi diso.

Lachinayi, masana

Chitseko cholira ndinachipeza dzulo, cha kachipinda kosungira mabenchi. Ukachikankha pang'onopang'ono chimati ng'wiii, n'kuima, n'kuyambanso, ngati chikudandaula. Ndinachiyeserera mpaka ndinadziwa pamene chimapumira.

Lero ndachikankha. Chete! Chikuyenda myaa ngati nsomba.

A Dube, monyadira, chitini cha oyilo m'manja: "Bwana akubwera ndi dona wake Loweruka. Holo isamveke ngati khola la mbuzi."

Bwana akubwera. Ndi dona. Ndipo chitseko changa chachira.

Ndayesa kuchithira mchenga m'mahinjesi. Chikungoti khwe, ngati munthu wotsamwa.

Lachinayi, madzulo

Kwatsala kugunda kwa mtima. Ng'oma zilipo m'komboni, koma ndi za amuna a gule, amazisunga kutchire kwawo kuseri kwa mulu wa miyala ya mgodi. Mkazi sapitako. Mtsikana wa limba, wa kwa a Mbewe, saganizako n'komwe.

Bambo ndiwo apeza njira. Bafa la Amayi lochapira, ulivundikire pansi, uyale thumba pamwamba, umenye ndi chidendene cha dzanja. Du. Du-du. Likumveka ngati lili m'chifuwa cha munthu.

Amayi: "Ukaliboola, ukachapira m'chipewa cha bwana wako."

Bambo akuti ndikuthamanga. Akuti pansi pa mgodi mwala ukamachita phokoso anthu amangotukwana n'kumagwira ntchito. Amathawa ukati tsete, n'kudikira, tsete, kenako n'kusiyiratu. "Kusiyako ndiko kumatitulutsa mkodzo. Usamamenye ngati ukuitana anthu ku mowa. Uziwamana."

Ndayesa kuwamana. Du. Kudikira. Du-du. Galu wa a neba wayamba kulira. Amayi atseka zenera. Mwina, mwina pang'ono.

Lachisanu, m'mawa

Takhoma mabulangeti. A Dube pamakwerero, ine pansi ndi misomali m'kamwa. Mdima wabwera, koma wabwera ndi anzake.

Kutentha ngati uvuni.
Fungo la tulo ta komboni yonse, ndi la ana amene sanafike panja usiku.
Mabowo. Bulangeti lililonse lili ndi bowo lake, ndipo dzuwa likulowa ngati mikondo. Mkondo wina ukugwera pansalu penipeni, pamene padzakhale mphuno ya dona. Ndatseka ndi masokosi aja.
Nsikidzi. Zaona mdima, zaganiza kuti kwada, zayamba kutsika m'makoma.

Sajeni wa apolisi a mgodi wabwera. Wamva kuti mtsikana wina akutolera mabulangeti. A Dube amuonetsa mawindo, iye wayang'ana, wakanda pakhosi pamene nsikidzi yamupatsa moni, watuluka.

Ndikanasangalala, koma amayi a kumpopi amuona akutuluka wopanda ine. Pofika masana nkhani ndi yakuti ngakhale sajeni ali m'thumba mwanga. Gogo wina amene sindimudziwa wandigwadira panjira. Ine ndagwadanso. Takhala chogwada tonse awiri, aliyense akudikira mnzake.

Lachisanu, masana

Kuyeserera kopanda filimu, chifukwa cha babu. A Dube akuti akhala chithunzithunzi iwowo. Atenga tsache langa, akukwera makwerero monyang'ama, ine ndikumenya bafa. Pa sitepe yapamwamba acheuka n'kufunsa, "Ndikuopsa?" Ali ndi buledi m'kamwa.

Ndawapempha kuti titambasule filimu ndi manja, ndione tizithunzi takumapeto pawindo. Akana. Akuti ndi yakale, ikaduka alibe zomatira. Ndiye ndidzamenya phu wanga osadziwa chimene chidzatuluke pachitseko. Mpeni? Mzukwa? Nkhope yopsa? Usiku ndimazilota zonse zitatu.

Chabwino chimodzi chokha: ndidzakhala kuseri kwa nsalu. Zithunzi zimaonekera, kungoti kumanja kumasanduka kumanzere. Palibe adzandione.

Lachisanu, madzulo

Zimene ndinali nazo Lolemba: limba, mdima, chitseko, mtima, phu.

Zimene ndili nazo lero: bafa, chivundikiro cha mphika wa ku kantini, mdima wa nsikidzi, ndi mbiri ya munthu wina amene sindimudziwa.

Amayi ayamba kuyang'ana katundu wa m'nyumba mwa njira ina, ngati akumuyeza ndi maso. Kabati aiyang'ana nthawi yaitali. Bola akanakalipa.

Loweruka, m'mawa

Sindikudya. Ndasita diresi ngakhale palibe adzalione. Ndapukuta bafa.

Bambo sangathe kufika kuholo, mpweya sukuwalola. Akuti atsegula chitseko, amvera ali pabedi.

Loweruka, madzulo

Ndilembe zonse mwa dongosolo.

Holo yadzaza kuposa tsiku la Khirisimasi. Abwera anthu amene sanaonepo baisikopo: agogo a ndodo, amuna a shifiti ya usiku amene akanagona, amayi a mpingo, ndi a Mbewe amene! Onse amva kuti Loweruka kuli kanthu. Polowa wina wandionetsa chibakera chobisa m'jekete. Ndamuyankha kuti zikomo.

Bwana ndi dona wake akhala kumbuyo, pamipando ya ku ofesi. Zitseko zatsekedwa. Ndalowa kuseri kwa nsalu, bafa pakati pa miyendo.

Filimu yayamba. Dona wa pansalu akupesa tsitsi. Mayi wina: "Zipinda zonsezo, yekha?" Anthu aseka. Ine chete, ndikudikira getsi.

Getsi laphethira. Lazima. Du.

Kudikira.

Du-du.

Ndilembe ichi ndi zilembo zooneka, chifukwa palibe wina adzachilembe: ZINATHEKA. Kuseka kwatha ngati wakudula ndi mpeni. Mabenchi asiya kulira. Mwana wina wayamba kusisima, mayi wake wamutseka pakamwa. Chitseko chapansi chikutseguka popanda liwu lililonse, ndipo kusowa kwa liwuko kukuopsa kuposa ng'wiii wanga uja. Ine amene ndikumenya, msana wazizira. Ndaona kiyi wathu akukhala pamsomali wake mpaka kalekale.

Kenako chithunzithunzi chatuluka pakhoma, chachitali, ndi kanthu kakatali m'manja.

Liwu la mwamuna, lapansi, pakati pa holo: "Vakomana vasvika." Anyamata afika.

Phazi lina layamba kutsatira bafa. Du. Lina lalandira. Kenako benchi yonse. Kenako manja. Ndachedwetsa kuti asokonezeke, iwo achedwetsanso, ndipo zikumveka ngati gulu la anthu likunyang'ama m'udzu. Ndafulumiza, afulumiza. Chilichonse ndingachite, akuganiza kuti ndikuwatsogolera!

Chithunzithunzi chikukwera.

"Kwera, mwana wa mayi!"

"Usagwedeze sitepe, akumva!"

Dona wagwira telefoni, yafa. "Adula waya! Anzeru anyamatawa!" Mai Tendai aimba nthungululu. A Mbewe sindinawaone, koma besi ija ndikuidziwa, inali kuvomera du aliyense.

Anthu anga sakuopa. Palibe akuopa ndi mmodzi yemwe, kupatula awiri a pamipando ya ku ofesi. Zimenezi sindinaziganize sabata yonse. Ndinasamala liwu, ndinasamala mdima, sindinafunse kuti m'holo muno ndani adzakhale kumbali ya dona.

Chogwirira chayamba kutembenuka. Ndachita monga ndinakonzera, chifukwa china sindikudziwa: ndasiya kumenya. Holo yonse yasiya nane. Zii! Anthu onsewo, palibe wopuma. Ndikumva makina a a Dube akuti tsetsetsete, ndi thukuta langa likudontha pabafa. Chete wokongola chotero sindidzamupanganso.

Chitseko chatseguka. Chivundikiro, phu!

Mzungu wa ndevu za pamlomo, jasi lonyowa, akumwetulira. Kanthu kakatali kaja ndi maluwa okulunga m'pepala. Mwamuna wake! Dona wamugwera pachifuwa, akuseka, akulira. Getsi layaka. Mapeto.

Ndipo holo yonse, amuna, amayi, agogo, ndi mpweya umodzi:

"Aaaaaa."

Lalitali, lotsika, ngati timu yathu yaphonya chigoli pagolo popanda munthu. Phazi ndi manja munthu akhoza kunena kuti anthu amatsatira ng'oma. Koma "aaa" ameneyo alibe tanthauzo lina. Gogo wina wawonjezera mokweza, poti samva bwino: "Ndiye tabwerera chiyani?"

Kuwala kwalowa mwadzidzidzi. Bwana wazula bulangeti pawindo, la Mai Tendai la pa ukwati. Waima, khosi lofiira ngati la nkhukutembo. Dona wake ali kale m'galimoto, magalasi otseka. Bwana akuyang'ana anthu benchi ndi benchi, ndipo aliyense wapeza chinthu chofunika kwambiri pansapato yake. Wabwera kuseri kwa nsalu. Wandipeza nditakhala pansi, chivundikiro m'manja. Wayang'ana ine, wayang'ana bafa, wayang'ana mabulangeti.

"Lo baisikopo yena pelile."

Yatha. Sajeni watulutsa anthu, aliyense akuzula bulangeti lake podutsa, misomali ikuuluka. Pachitseko cha holo aika loko wamkulu.

Panja Mai Tendai andifinya dzanja. "Tamva, mwanangu. Nthawi sinakwane. Tidikira."

Lamulungu

Ndaliza limba kutchalitchi monga mwa masiku onse. A Mbewe alalikira za kudziletsa, mawu awo ali osasa.

Mabalane, kalaliki wa ku ofesi, wabwera titangoweruka, dzuwa lili pamutu, akuimba mluzu. Wapereka moni kwa Bambo mwaulemu, wakhala pampando, wamwa madzi, wayamikira maluwa a Amayi a m'zitini. Kenako wanena. Holo yatsekedwa mpaka nkhondo idzathe. Holo yotseka siifuna wosesa. A Dube awatumiza kokonza nyale za anthu a pansi. Kiyi wa nyumba afike ku ofesi mwezi ukatha. Ndipo bwana akuti ndithokoze kuti sanaitane asilikali, chifukwa atandiyang'ana anaona kuti nzeru zoterozo ndilibe.

Ndathokoza. Ndathokozadi, ndi manja awiri, zinangochitika zokha.

Amayi akuti malume a ku Mbizo ali ndi khitchini imene tingagonemo titapinda miyendo. Kabati siilowa. Bafa latsekeredwa m'holo, kuseri kwa nsalu, ndipo ndikuopa kukalipempha.

Mabalane atapita, Bambo andiitana pafupi ndi bedi. Akuti anamva zonse, bafa, mapazi, nthungululu, ndi chete uja. Akuti pa chete uja anadzuka n'kukhala tsonga. Koma palibe wawauza chinthu chimodzi.

"Nanga pachitseko anali ndani?"

"Mwamuna wake, Bambo. Ndi maluwa."

Andiyang'ana. Agonanso pang'onopang'ono. "Aaaaaa."

Amayi aseka ali ndi mbale pamiyendo, aseka mpaka sindikudziwanso ngati akuseka.

Chiyambire masana anthu akubwera mmodzimmodzi, kudzera kuseri. Amva za kiyi. Akundigwira dzanja ndi manja awiri, akulankhula motsitsa ngati pamaliro a mfumu. Akuti dziko likadzamasuka dzina langa lidzakumbukiridwa. Akuti ndisadandaule za katundu, wilibala ilipo, amuna onyamula alipo. Aliyense akuti sanaonepo mtsikana wolimba mtima chotere.

Palibe wanena kuti ali ndi chipinda.

Ndikukulunga makapu m'nyuzipepala. Ndayamba ndi osweka m'milomo, kuti ndiphunzirirepo.